Wakuba Wobwezera Mawilo Akale

"Ndati ndiwe! Ukufuna ndinene kangati?"

"Munene kakhumi, Adokotala, yankho langa silisintha. Sindine."

"Anamanga mawilo anga m'mawa uno ndani?"

"Ndine."

"Nanga wodziwa kuwamasula ndani?"

"Aliyense wa manja awiri ndi sipanala!"

Kalaliki anaima pakhomo la kaofesi akumvetsera. Mtsikanayu dzinali anam'patsa ndi amalume ake, eni galaja, tsiku limene anamaliza sukulu n'kumukhazika patebulo kuti aziyankha foni ndi kusunga makiyi. Wokalipiridwayo anali mlongo wake, Kabawuti, mnyamata wamfupi wojintcha amene ntchito yake inali ya matayala. Wokalipayo anali dokotala wa mano, mwini galimoto yofiira yampikisano imene inagona pakati pa galaja ngati mphaka wobisalira mbewa.

Galimotoyo anaitsitsa kwambiri, moti ngakhale chibakera sichikanalowa pansi pake. M'mawa wonse Kabawuti anali atalimbana nayo, kuimangira mawilo anayi atsopano a malimu agolide ndi matayala otambalala, akumbuyo kuposa akutsogolo. Anachita kutenthetsa milomo ya madigadi n'kumaipindira m'kati ndi paipi, pang'onopang'ono, kuti tayala lisamakhule pokhota. Pomaliza mpata unatsala wongolowa chala. Aliyense amene anaiona anaimba mluzu. Kenako onse anabalalika kukadya. Pobwerako 2 koloko, golide yense anali atapita, galimoto itaima pa mawilo ake akale akuda.

"Mawa ndikusamuka," Adokotala anatero akuloza amalume ndi kiyi. "Galimoto iyi ikupita nane, ndipo Lamlungu ili pampikisano. Panopa ndikukazula mano awiri. Ndikabwera 4 koloko ndisawapeze mawilo anga, mwana wa mlongo wanuyu akagona kwa apolisi."

Geti linamenyetsedwa. Amalume anatembenukira Kabawuti.

"Iwe, masanawa unali kuti?"

"Kunja."

"Kunja kuli ndi dzina. Kuti?"

Kabawuti anangoyang'ana nsapato zake.

Pakona, patayala lakutha limene ankakonda kukhalapo, panali Nkhono, dalaivala wa Adokotala pamipikisano. Anali wamtali, woonda, woyenda ngati wina wamukongoza miyendo. Ukamufunsa funso m'mawa, yankho limabwera dzuwa litapendeka. Koma akagwira chiwongolero, anthu ankati ngakhale chithunzithunzi chake chimatsalira m'mbuyo. Miyezi isanu ndi iwiri Kalaliki wakhala akumuyang'ana kudzera pazenera la kaofesi, ndipo mawu onse amene analankhulana sakanadzaza tsamba limodzi. Koma manja ake ankawadziwa kuposa mabuku onse amene analembera mayeso. Ankadziwa mmene amapukutira chala chimodzichimodzi, mmene amasisitira denga la galimoto asanalowe. Usiku uliwonse m'maloto denga limenelo linkasanduka tsaya lake.

Mawa Nkhono amapita limodzi ndi galimoto, kumzinda wa ulendo wa masiku awiri. M'mawa uja, wilo lomaliza likulowa, Kalaliki anapemphera chamumtima kuti likane, likhule, chinachake chithyoke. Tsopano pemphero lake linali litayankhidwa, koma pamsana pa mlongo wake.

"Malume, ndipatseni maola awiri," anatero.

"Uchite nawo chiyani?"

"Wakuba wanji amene amaba nsapato n'kukuvekanso zakale? Ndikufuna ndimuone nkhope."

Anatuluka amalume asanayankhe.

*

Kuseri kwa khoma la galaja kunali kanyumba ka mayi ogulitsa tiyi. Anawapeza akutsuka makapu.

"Ee, mwana wanga wasukulu! Wamva? Ine ndamva zonse, khoma ili ndi pepala. Dokotala ameneyo kukuwa choncho, odwala ake amatsegula bwanji kukamwa?"

"Mayi, masanawa munamva chiyani m'galajamo?"

"Ine? Ndinali ndi makasitomala asanu ndi mmodzi, wina wofuna shuga masipuni anayi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ndinamva galimoto ija basi."

"Inalira?"

"Kawiri. Galimoto imeneyo ndimaidziwa ngati chifuwa cha amuna anga. Akaigwira mlongo wakoyo, mayo ine! Imabangula, kudumpha, kuzima. Kubangulanso, kudumpha, kuzima. Makapu anga amavina pashelefu. Amalume ako ndiye sayerekeza n'komwe, amangoitana anthu kuti aikankhe. Koma lero ayi. Inangoti ng'rrr, mofatsa, ngati mphaka akumukanda kukhosi. Kenako zii. Ndinawiritsa ketulo katatu, ndiye inaliranso, chimodzimodzi, mwaulemu wake."

Kalaliki anadziwa chimene anailizira. Galimoto yotsika choncho jeke salowa pansi pake. Kuti uyikweze umayamba waikwereka pamatabwa awiri, ndipo kilatchi yake yampikisano inali yolusa: ukangoisiya mopitirira pang'ono, galimoto imalumpha matabwa kapena kuzima.

"Mwana iwe, wayera milomo. Ndikuthirire tiyi?"

"Ayi mayi, zikomo."

"Ukamuona mlongo wakoyo umuuze kuti kapu yanga yabuluu ndikuifuna. Ndipo asiye kuyang'anayang'ana kuno mwana wanga wamkazi akamasesa. Ndimamuona!"

*

Tsidya la msewu, moyang'anana ndi geti, pakhonde panali atelala. Anali nkhalamba yosakonda mawu, mapini ali m'kamwa, magalasi pansonga ya mphuno.

"Agogo, munachokapo pano masanawa?"

"Ayi."

"Pageti lathu panatuluka galimoto?"

"Ayi."

"Ngolo? Wilibala? Munthu wosenza katundu?"

"Ayi. Ayi. Ayi." Makina anati tatatata, n'kuima. "Geti lalikulu silinatsekulidwe. Likatsekulidwa limalira, ndimaphonya msoko."

Ndiye kuti mawilo sanatuluke. Wilo limodzi lokha linali lolemera ngati mwana wa zaka zisanu, ndipo pakakhomo kakang'ono ka pageti munthu ankadutsa chammbali.

"Nanga munthu munamuona?"

"Nkhope sindiona. Maso anga amathera pasingano."

"Koma chinachake munachiona."

Atelala anachotsa mapini m'kamwa, limodzilimodzi, n'kuwabaya pakhushoni.

"Nsalu ndiye ndimaiona. Wina anasuzumira pakakhomo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwereranso m'kati. Ovololo yabuluu. Chigamba chobiriwira pabondo lakumanzere."

"Mukutsimikiza?"

"Chigamba chimenecho ndinasoka ndine. Ndi ovololo ya mlongo wako."

*

Anam'peza Kabawuti kuseri kwa galaja, atakhala pa mulu wa matayala akutha, atavala shati yoyera imene ankaisungira maukwati.

"Achimwene, ovololo yanu yaoneka pageti nthawi imene mawilo amabedwa."

"Ovololo ilibe miyendo."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Munali kuti?"

"Iwe ndiwe wapolisi tsopano? Satifiketi yakoyo yalembedwa choncho?"

"Apolisi enieni akubwera 4 koloko. Iwo safunsa kawiri."

Kabawuti anakanda m'mutu, kuyang'ana khoma la mayi a tiyi, n'kutsitsa mawu.

"Ukanena, ndikudula lilime. Ndinali kuchipatala."

"Mukudwala?"

"Sindikudwala ine. Ndinaperekeza munthu kusikelo."

"Kusikelo? Ndani?"

Kabawuti analozanso khoma lija ndi mlomo.

"Mwana wa mayi a tiyi? Achimwene!"

"Khala chete, iwe! Miyezi inayi. Mayi akewo sanadziwe. Ukuona? Kwa apolisi kuli bwino, kumeneko amakumenya n'kutopa. Mayi awowo satopa."

Kalaliki anafuna kuseka, koma kuseka kunakanirira pachifuwa. Ngakhale mlongo wake, wonunkha girisi, wosadziwa kupesa, anali ndi munthu womugwira dzanja pamzere wa kuchipatala.

"Ovololo munaisiya kuti?"

"Pamsomali, ngati masiku onse."

Kalaliki analowa m'galaja. Amalume anali m'kaofesi, akuimbira foni anzawo ogulitsa matayala akale. Nkhono anali pamalo ake, mutu uli pansi. Kalaliki anamudutsa osamuyang'ana, ngakhale khungu lake lonse linkamuyang'ana.

Pakhoma panali misomali iwiri, wam'munsi ndi wam'mwamba. Ovololo ya chigamba chobiriwira inapachikidwa pa wam'mwamba. Kabawuti msomali umenewo sankaufikira ngakhale atanyanyamphira.

Anagwada pambali pa galimoto. Mlongo wake anali ndi chizolowezi: nati iliyonse akaimanga, ankaidontheza kadontho ka penti yachikasu, kuti asaiwale ina. Manati awa analibe kadontho katsopano. Anayesa imodzi ndi sipanala wamba. Inali gwa. Wakubayu sanangokoloweka mawilo akale kuti galimoto isagwe. Anawamanga ngati kuti mayi ake akwera mmenemo.

Anapita pabenchi la zida n'kutsegula kabokosi ka sipanala yolira, ija imene umaitchera pa nambala ndipo imati tha! nati ikathina mokwanira. M'mawa Kabawuti anaisiya ili yotchera, ngati masiku onse, amalume n'kumukalipira ngati masiku onse kuti sipuling'i yake idzafooka. Tsopano inali itabwezedwa pa ziro, itapukutidwa, itagonekedwa mutu kumanja. Kalaliki ankadziwa manja amene amagoneka chida choncho. Anawaonapo kambirimbiri kudzera pazenera, akuzungulitsa chogwirira mpaka pansi, ngati munthu wogoneka khanda.

Anatseka kabokosiko mwakachetechete. Chinatsala chimodzi: mawilo ali kuti?

Anachiona akutembenuka. Pansi pa injini ya galimoto yofiira ankayalapo katoni yolandira madontho a oyilo. Katoniyo inali pomwe inali m'mawa, ndi madontho ake atatu. Koma galimoto sinali pamwamba pake. Inali itasunthira m'mbuyo mapazi angapo, n'kukaima ndendende pamwamba pa dzenje limene amakanika amalowamo pokonza za pansi. Dzenjelo linali lovundikira ndi matabwa. Onse anafufuza kuseri, padenga, m'chimbudzi. Palibe anaganiza zosuzumira pansi pa galimoto imene ngakhale khoswe akanayenera kuwerama.

Wotchi yam'kaofesi inati kwatsala mphindi makumi awiri.

Kalaliki anatsamira benchi. Mawilo amenewo Adokotala anachita kuitanitsa kunja, ndipo anatenga masabata atatu kuti afike. Akapanda kupezeka, galimoto ndi dalaivala wake akanadikira ena pompano masabata enanso atatu, poti pa mawilo akale sakanapikisana. Masiku makumi awiri ndi limodzi a Nkhono patayala lija, dzuwa la masana likumuwomba tsaya limodzi. Akanangotseka pakamwa basi. Apolisi akanamusunga Kabawuti masiku angati? Awiri? Atatu? Mwina akanamutulutsa atasowa umboni. Analola ganizolo likhale m'mutu mwake kwa kanthawi, lokoma ngati shuga wobedwa. Kenako anaona m'maganizo shati yoyera ija ili m'chitolokosi, ndi mtsikana wa miyezi inayi akusesa kuseri kwa khoma, akudikira. Anachita manyazi mpaka makutu kutentha.

Anatenga kiyi wa galimoto yofiira pambedza yake n'kupita pakona.

*

"Achimwene a Nkhono."

Nkhono anadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuti amuyang'ane m'maso chapafupi choncho, ndipo Kalaliki anaiwala mawu amene anakonza. Anangotambasula dzanja, kiyi ali pachikhatho.

"Tasunthani galimotoyi. Ibwerere pakatoni yake."

Nkhono anayang'ana kiyi, kuyang'ana katoni, kuyang'ananso kiyi.

"Wadziwa bwanji?"

"Wakuba weniweni akanaisiya panjerwa."

"Panjerwa ikanasweka m'mbali. Ndi yotsika kwambiri."

"Ndiye munaimvera chisoni. Munaimangira manati bwinobwino, sipanala n'kuibwezera pa ziro. Munavala ovololo ya eni ake kuti shati yanu isade. Galimoto munaiganizira, sipanala munaiganizira, shati munaiganizira. Nanga achimwene anga?"

"Sindinaganize kuti Adokotala aloza iye. Ndimayesa anena kuti ndi akuba a mumsewu."

"Atamuloza, munali pompano. Munakhala duu!"

"Ndimafuna kulankhula."

"Liti? Chaka chamawa?"

Nkhono anapukuta manja pamaondo, ngakhale anali oyera.

"Matayala aja ndi otambalala kwambiri," anatero pang'onopang'ono. "Akumbuyowo. Pakona yothina akhoza kukhula madigadi."

"Bodza. Achimwene anapinda madigadi inu mukuona, ndipo munalowetsamo chala nokha n'kugwedeza mutu. Ndinakuonani."

"Unandiona?"

"Zenera lija n'lagalasi."

Anazindikira mochedwa zimene wanena. Nkhope inamuyaka. Nkhono anayang'ana zenera la kaofesi kwa nthawi yaitali, ngati akuliona koyamba kuchokera mbali inayo.

"Simumafuna kuwagulitsa," Kalaliki anapitiriza mofulumira, kuti aphimbe manyazi. "Mukanafuna, bwenzi atatuluka. Ndiye mumafuna chiyani? Nenani. Ine ndilibe mtima wodikira ngati anthu ena. Ndadikira zotsatira za mayeso, ndadikira makalata a ntchito amene sabwera, ndadikira foni ilire m'kaofesi kamene kaja. Ndatopa nako kudikira. Nenani!"

Nkhono anatsegula pakamwa. Kunja hutala inalira kawiri, ndipo geti lalikulu linayamba kukwekwereza.

Adokotala analowa akupukuta manja ndi kansalu, kumbuyo kwawo kukubwera wapolisi wamkazi wonenepa, wa nkhope yotopa. Amalume anatuluka m'kaofesi foni ili m'manja. Kabawuti anabwera kuchokera kuseri, atamanga mabatani onse a shati yake ngati munthu wopita kukajambulitsa.

"Ndi ameneyu," Adokotala analoza.

"Dzina?" wapolisi anafunsa, akufufuza cholembera m'thumba.

Dzanja la Kalaliki linali lidakali lotambasula, kiyi ali pachikhatho. Akanatha kuloza dzenje yekha, koma ankafuna aone ngati munthu amene wamulota miyezi isanu ndi iwiri alipodi, kapena anangomupeka pazenera.

Nkhono anaimirira. Zala zake zinakhudza chikhatho cha Kalaliki potenga kiyi, ndipo zinachedwapo pang'ono kuposa mmene kiyi amafunira. Anapinda thupi lake lalitali n'kulowa m'galimoto. Injini inalira mofatsa. Galimoto inatsetsereka kutsogolo osagwedezeka n'komwe, n'kukaima pakatoni. Anatuluka, kugwada, n'kuyamba kuchotsa matabwa a padzenje limodzilimodzi.

Golide anawala kuchokera pansi. Mawilo anayi anali ataimikidwa motsamira khoma la dzenje, lililonse litayalidwira chiguduli kuti limu lisakandike.

"Mayo!" anatero amalume.

Kabawuti anamasula batani lapakhosi n'kupuma ngati ng'ombe. "Nkhono, iwe? Ine kufuna kukagona pasimenti chifukwa cha iwe? Ndiponso ovololo yanga wandikwezera kumwamba, ndiitsitsa ndi chiyani?"

"Pepa, mnzanga," Nkhono anatero. "Ndakulakwira kwambiri. Mayi wapolisi, uyu alibe mlandu. Ndinamasula ndine, ndekha."

Wapolisi anayang'ana mawilo, kuyang'ana Adokotala. "Bambo, katundu wanu sanatuluke n'komwe m'galaja muno. Mukufuna ndilembe kuti chiyani?"

Adokotala sanamumve. Anayandikira Nkhono, mawu awo atatsika, ndipo kutsikako kunali koopsa kuposa kukuwa kuja.

"Ndinakutola ukuyendetsa lole ya mchenga. Ndakupezera nyumba kumene tikupitako, ndakulembetsa pampikisano wa Lamlungu. Madalaivala khumi akulirira mpando umenewu. Undiuze chifukwa chimodzi, chimodzi chokha, ndisanakuchotse."

Kuseri kwa khoma makapu anasiya kulira. Mayi a tiyi nawo anali kumvetsera. Nkhono anayang'ana galimoto yofiira, ndipo Kalaliki anaona mmene ankaikondera, n'kumva chisoni chimene sanachiyembekezere. Adokotala anayang'ana wotchi. Kalaliki analuma mlomo kuti asamuyankhire.

"Ndimafuna masabata atatu, bwana," Nkhono anatero potsiriza. "Mpaka mawilo ena abwere."

"Masabata atatu a chiyani?"

"Oti ndipeze mawu. Ine mawu amandivuta. Tsiku lililonse ndimabwera nawo kuchokera kunyumba, ndikafika patayala apo, athawa. M'mawa uno wilo lomaliza litalowa, ndinaona kuti nthawi yatha ndisananene kanthu."

"Mawu ouza ndani?" amalume anafunsa.

Nkhono sanayang'ane amalume, sanayang'anenso Adokotala. Anatembenukira Kalaliki, manja ake aatali atalendewera ngati sakudziwa kowaika.

"Mpandowo apatseni ena, bwana, mawa sindipita," anatero. "Chemwali, galimoto iyi sinkawonongeka kawirikawiri choncho ayi. Ndinkabwera chifukwa cha iwe. Ndimakufuna. Ndikufuna ndikhale kumene uli."